MSEU WA KUM'MAWA: MAPIRI OKONGOLA AMENE AFUNA ULEMU

TSIKU ndi tsiku mabasi, malole ndi magalimoto ang'ono-ang'ono amanyamuka mu Lusaka kulinga ku Chipata, pamene ena amacoka ku Chipata kulinga ku Lusaka. Onsewa ayenda pa mseu umodzi, Mseu Waukulu wa Kum'mawa, umene m'Cizungu auchula kuti Great East Road. Utali wace kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupi-fupi 570, ndipo ukapitirira pang'ono ufika pa malire a Mwami, polowera m'dziko la Malawi.

Ambiri a ife tauyenda mseu umenewu kambiri-mbiri: popita ku maliro, pokagulitsa nshawa, kapena poperekeza mwana ku sukulu. Koma mukafunsa munthu cimene anaona pa njira, adzakuuzani za kukwera mtengo kwa basi ndi kuwawa kwa msana. Anagona pa Chongwe nadzukira pa Nyimba. Pamene ife tiodzera, alendo ocokera kutsidya la nyanja alipira ndalama zambiri kuti adzaone mapiri, mitsinje ndi nyama zomwe ziri pakhomo pathu. Nkoyenera tsono kuti eni dziko adziwe malo oimapo pa mseu wao, ndi kudziwanso zinthu zimene zingaononge ulendo wabwino.

MADZI OTENTHA A PA CHINYUNYU

Pocoka mu Lusaka dziko liri lacidikha ndi lokwera, pakuti mzindawu uli pa mamita pafupi-fupi 1,300 pamwamba pa nyanja yaikuru. Mutayenda makilomita 45 mufika pa Chongwe, dziko la Asoli, kwa Mfumukazi Nkomeshya. Kuno ndiko kumacitika mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene anthu apempha mvula nyengo yobzala isanayambe.

Kupitirira pa Chongwe mapiri ayamba kuonekera, ndipo m'boma la Rufunsa, pafupi ndi mseu, pali akasupe a madzi otentha a Chinyunyu. M'mawa kukazizira, nthunzi imaoneka ikufuka pakati pa mitengo ngati kuti wina wasonkha moto. Madziwa atuluka pansi ali otentha kwambiri, kotero kuti munthu sangasunge dzanja pa kasupe peni-peni.

Ena amaganiza kuti pansi pali moto wa mizimu, koma akatswiri a miyala alongosola motere: madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya matanthwe natsikira pansi kwambiri, kumene miyala iri yotentha. Akatentha amakweranso msanga kudzera m'ming'alu ina, natulukira kunja asanazizire. Malowa ndi osungidwa ndi lamulo monga cuma ca mtundu. Aphunzitsi amene afuna kuonetsa ana zimene awerenga m'mabuku angabwere nao pano, koma ana ang'ono agwidwe pa dzanja, ndipo mapepala ndi mabotolo asataidwe m'madzi.

MAPIRI A MANENEKELA

Mukapita pa boma la Rufunsa ndi mphambano ya kwa Mpanshya, mseu usintha khalidwe. Uyamba kupinda-pinda ngati njoka, kukwera citunda ndi kutsika cina, phiri ku dzanja limodzi ndi phompho ku dzanja linzace. Awa ndiwo mapiri a Manenekela, dzina limene woyendetsa galimoto aliyense wa kum'mawa alichula mwaulemu.

Munthu akaima pamalo pabwino napenya, aona mizere ya mapiri yotsatizana, oyandikira ali obiriwira, akutali ali otuwa ngati utsi. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala mitengo ya miombo imaphuka masamba atsopano ofiira, ena ofiirira ngati mkuwa, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Phiri lonse lioneka ngati labvala nsalu yatsopano. M'nyengo ya dzinja timitsinje tambiri timatsika m'makwalala a mapiri, ndipo m'mawa nkhungu imagona m'zigwa.

Kodi mapiri amenewa anabwera bwanji? Kale-kale, anthu asanakhaleko, nthaka inang'ambika m'mizere yaitali, ndipo dziko la pakati pa ming'aluyo linatitimira. Kotitimirako ndiko cigwa ca Luangwa, ndipo m'mbali mwace munatsala zipupa za mapiri zimene mseu uyenera kutsika ndi kukweranso. Nci cifukwa cace pa mtunda wa makilomita owerengeka galimoto imatsika mamita mazana ambiri, makutu natsekeka, ndi mphepo yozizira ya ku Lusaka nisanduka cifundizi. Miombo icepa, ndipo m'malo mwace muyamba kuona milambe ndi mitengo ya mupani, imene ikonda dziko lotsika ndi lotentha. M'mwezi wa Okutobala kutentha kwa m'cigwa kumapitirira madigiri 40.

PA ULALO WA LUANGWA

Pa makilomita pafupi-fupi 230 kucokera ku Lusaka mufika pa mtsinje wa Luangwa. Mtsinjewu ucokera kutali ku mpoto, ku mapiri a Mafinga pafupi ndi malire a Malawi, ndipo pa ulalo pano ndiwo malire a Cigawo ca Lusaka ndi Cigawo ca Kum'mawa. Kumtunda kwa ulalo ulandira madzi a Lunsemfwa, ocokera ku cigwa ca Luano.

Ulalo woyamba unamangidwa m'caka ca 1932 ndi ndalama za bungwe la Beit Trust. Umene tiolokapo lero unatsegulidwa m'caka ca 1968, ndi thandizo la boma la Britain. Mamangidwe ace ndi ocititsa cidwi: pali nsanamira zazitali mbali iyi ndi iyo, ndipo zingwe zacitsulo zocokera pamwamba pa nsanamirazo ndizo zigwira mseu. Danga la pakati, lopanda mzati m'madzi, ndi mamita 222. Motero madzi osefukira a dzinja, pamodzi ndi zipika zimene atenga, apita pansi popanda cowatsekereza. Pa ulalo pamakhala acitetezo, motero wofuna kujambula cithunzi ayambe wapempha. Safunsa anadya phula.

Ulalo usanafike pali msika wodziwika kwa onse oyenda pa mseuwu. Pano mupeza nsomba zouma ndi zokazinga, madengu, malicero, mphasa ndi zipewa zoluka ndi milaza, ndiponso masau ndi malambe pa nyengo yace. Mabasi ambiri amaima pano kuti anthu adye ndi kutambasula miyendo. Wogula dengu pamsika uno adziwe kuti ndalama yace yalowa m'nyumba ya mlimi wa m'cigwa, kumene mvula ndi yocepa ndipo cimanga sicicita bwino caka ciriconse.

Mcenga wa m'mbali mwa mtsinje ndi wokopa, makamaka m'cirimwe pamene madzi aphwa. Koma Luangwa ndi mtsinje wa ng'ona ndi mvuu. Mlendo asasambe kapena kucapa pamalo pamene sanalangizidwe ndi eni mudzi, ngakhale thukuta litamuzunza motani.

NJIRA YA KU FEIRA

Amene ali ndi nthawi angapatuke pafupi ndi msika, natsata mseu wolinga kum'mwera motsatira mtsinje. Njirayi ipita pa mishoni ya Katondwe, kudzera m'maiko a Mfumu Mburuma ndi Mfumu Mphuka, nifika pa boma la Luangwa, limene akulu-akulu alidziwa ndi dzina la Feira. Apa ndipo Luangwa athira madzi ace mu Zambezi. Munthu ataima pa gombe aona maiko atatu nthawi imodzi: pamene waima ndi Zambia, kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Dera limeneli ndilo lotsika koposa m'dziko lonse la Zambia.

Malowa ali ndi mbiri yaikuru. Apwitikizi anali kucita malonda a minyanga ya njobvu, golide ndi akapolo pano m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, pamodzi ndi ankhondo ao Acikunda, amene zidzukulu zao zikhala m'derali kufikira lero. Ndiponso kufupi ndi pano ndiko Angoni a Zwangendaba anaolokera Zambezi m'mwezi wa Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa masana. M'caka ca 1978 asilikali a boma la Rhodesia anaukira mudzi wa Kavalamanja m'boma lomweli, cifukwa dziko lathu linali kusunga omenyera ufulu wa Zimbabwe. Mwana wa sukulu amene waponda pa gombe limeneli saiwala phunziro la mbiri.

KUKWERA KU DZIKO LA ANSENGA

Mukaoloka ulalo, nchito ya injini iyamba. Mseu ukwera mokhota-khota kulinga ku Kacholola, ndipo woceuka m'mbuyo aona cigwa conse citayalidwa pansi, mtsinje ukung'anima pakati. Cigawo ici ca mseu, kucokera pa ulalo kufika ku Mwami, cinakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la maiko a ku Ulaya ndi mabanki a citukuko. Mseu wosalala ndi dalitso, komanso umanyenga woyendetsa kuti aponde mafuta.

Pa Nyimba mulandiridwa ndi nthoci. Amai amabwera nazo m'madengu ndi m'mabeseni kufikira pa mazenera a basi, ndipo ndi ocepa amene apita osagulako mkoko wa kunyumba. Kucokera apa dziko liyamba kutambasuka, minda ya cimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa niyamba kuoneka. Boma la Petauke liri pambali pang'ono pa mseu waukuru, m'dziko la Mfumu Yaikuru Kalindawalo ya Ansenga, kumene mwambo wa Tuwimba umacitika m'mwezi wa Okutobala.

KATETE NDI CHIPATA

Mukapita pa Sinda, mapiri a Mphangwe aonekera patsogolo, ndipo m'tsinde mwace muli boma la Katete. Pano pali cipatala ca St Francis, ndi mphambano ya mseu wopita ku malire a Chanida, njira ya ku Tete. Kufupi ndi Katete kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene pa Ciweru cotsiriza ca Ogasiti Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa mwambo wa Kulamba. Gule Wamkulu amene abvinidwa kumeneko anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

M'mapiri a Katete, Chadiza ndi Chipata muli mapanga amene anthu akale anajambulamo zithunzi pa matanthwe. Odziwika ndi monga Mkoma, Makwe, Kalemba ndi Thandwe. Zithunzi zofiira ndizo zakale koposa, za alenje amene makolo anawacha Akafula. Zoyera, zojambulidwa ndi dothi, ndi za makolo a Acewa, ndipo zikhudza cinamwali ndi Nyau. Tsoka lace ndi lakuti ena alemba maina ao ndi malasha pamwamba pa zithunzi zimenezi, ena nasonkha moto m'phanga, mwaye nuzikwirira. Cithunzi cimene cakhala zaka mazana ambiri cingafafanizike tsiku limodzi, ndipo palibe mmisiri amene angacibwezere. Wofuna kukaona mapanga apite kwa mfumu ya mudzi kuti ampatse womperekeza.

Chipata, amene pa nthawi ya atsamunda anali Fort Jameson, wakhala pakati pa mapiri monga dzina lace linenera, ndipo anakwezedwa kukhala mzinda waukuru m'caka ca 2017. Acinyamata olimba miyendo angakwere phiri la Kanjala m'mawa dzuwa lisanakule, naone mzinda wonse ndi minda yace. Pa Mtenguleni, m'mbali mwa mseu Chipata asanafike, Nkosi ya Makosi Mpezeni amalawa zipatso zoyamba za m'munda pa mwambo wa Nc'wala, pa Ciweru cotsiriza ca Febuluwale. Mwambowu unasiyidwa pambuyo pa nkhondo ya Angoni ndi Azungu ya mu 1898, ndipo unadzutsidwanso m'caka ca 1980.

Kucokera ku Chipata mseu wina utsikiranso m'cigwa, makilomita pafupi-fupi 130, kufika ku Mfuwe m'dziko la Akunda. Kumeneko kuli nkhalango ya nyama ya South Luangwa, yaikuru masikweya kilomita 9,050, imene inakhazikitsidwa monga paki ya mtundu m'caka ca 1972. Muli njobvu, njati, mikango, anyalugwe, mvuu zosawerengeka, ndi mtundu wa nyamalikiti umene supezeka kwina kulikonse koma m'cigwa ca Luangwa. Kutsidya kwa nkhalango kuoneka cipupa ca mapiri a Muchinga. Awerengi athu adziwe kuti nzika za Zambia zilipira ndalama zocepa polowa kuposa alendo akunja. Sukulu, kalabu ya alimi kapena bungwe la amai a mpingo lingasonkhe pang'ono-pang'ono pambuyo pa kukolola, nikupangana ndi mwini basi. Miyezi yabwino ndi kuyambira Juni kufika Okutobala, pamene udzu wacepa ndipo nyama zisonkhana ku madzi.

MAU KWA OYENDETSA

Mapiri okongolawa atenga miyoyo yambiri. Zitsulo za malole zimene zagona m'maphompho a Manenekela ndi Kacholola ndizo mboni. Ngozi zambiri za pa mtsetse zicokera ku mabuleki. Woyendetsa akatsika phiri lalitali phazi liri pa buleki nthawi yonse, zitsulo zimakhuzana kufikira zitatentha koposa, ndipo zikatentha motero sizigwiranso. Pamene afika pa gulaye woopsa, aponda buleki koma galimoto siimva. Mankhwala ace ndi kulowetsa giya yaing'ono mtsetse usanayambe, kuti injini ndiyo igwire galimoto. Lamulo la akale likali loona: giya imene ukwerera phiri ndiyo utsikire nayo. Kucotsa giya kapena kuzima injini potsika, poti kusunga mafuta, ndiko kugula bokosi la maliro ndi ndalama ya lita imodzi.

Caciwiri ndico kupitirira galimoto inzace pamalo posaoneka kutsogolo. Lole yolemedwa ikwera citunda pang'ono-pang'ono ngati fulu, ndipo wa m'mbuyo mtima umtentha. Koma kuseri kwa gulaye kungakhale basi yodzaza ndi anthu. Pamene pali mzere woyera wosaduka, dikirani. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pokwera, injini nayonso imatentha. Onani madzi, mafuta ndi matayala musananyamuke, ndipo injini ikawira musatsegule cibvundikiro ca madzi kufikira itazizira, pakuti nthunzi yace ipsereza nkhope. Galimoto ikafa pa njira, ikani zizindikiro zofiira za makona atatu kutsogolo ndi kumbuyo, patali ndithu. Mukaika nthambi pa mseu, kapena miyala kunsi kwa matayala, zicotseni pocoka, cifukwa mwala wosiyidwa pa tara usiku ungaphe munthu wosalakwa. Wofuna kuima kuti aone malo asankhe pamalo potambasuka pamene galimoto yonse icoka pa mseu, osati pa gulaye.

Nanunso okwera basi muli ndi mau. Woyendetsa akathamanga mopitirira, akamwa mowa pa msika, kapena akalankhula pa foni potsika phiri, mcenjezeni mwaulemu, ndipo akakana muuze apolisi kapena a bungwe la RTSA pamalo oyamba pamene aimitsa magalimoto. Kukhala cete poopa kuoneka wobvuta kwasiya ana ambiri amasiye. Ogona m'cigwa asaiwale ukonde wa udzudzu, pakuti malungo ndi ambiri kumalo otentha, ndipo oyenda ndi ana atenge madzi akumwa okwanira.

MITENGO IKATHA

Mdani wina wa mseu uno sabwera ndi phokoso. Kuyambira pa Chongwe kufika ku Nyimba, matumba a malasha aima m'mbali mwa mseu ngati asilikali pa perete, kudikira malole a ku Lusaka. Palibe amene anganyoze bambo wotentha malasha kuti agule yunifomu ya mwana, makamaka pa caka ca cilala monga ca 2024, pamene cimanga cinapsa m'minda ndipo magetsi anasowa m'matauni. Koma tiyenera kunena zoona: mtengo wa muombo utenga zaka zambiri kuti ukule, pamene nkhwangwa iugwetsa m'mawa umodzi.

Phiri likametedwa, mvula igwa pa nthaka yopanda cobvala. Madzi salowanso pansi koma athamanga, natenga dothi ndi miyala kutsikira pa mseu ndi m'mitsinje. Ngalande za mseu zitsekeka, tara nigumuka m'mbali. Mitsinje idzaza mcenga, maiwe a nsomba nakwiririka, ndipo akasupe amene anali kupatsa madzi m'cirimwe auma mwezi wa Ogasiti usanathe. Amene ayenda mtunda wautali ndi cigubu pamutu ndi mai wa m'mudzi womwewo umene unagulitsa mitengo. Moto wa m'thengo wa mu Seputembala ndi Okutobala, umene anyamata ayatsa posaka mbewa, umatsiriza nchitoyo mwa kupha timitengo tophukira pa zitsa.

Njira iripo. Lamulo la Nkhalango la m'caka ca 2015 lilola anthu a m'midzi, mogwirizana ndi mfumu yao ndi Dipatimenti ya Nkhalango, kupanga gulu losunga nkhalango yao ndi kupindula nayo mwalamulo. M'nkhalango yosungidwa muli uci, bowa, masuku, mankhwala ndi udzu wofolera, zinthu zimene zibwera caka ndi caka ndipo zigulika pa mseu womwewo. Ming'oma ya matabwa ipatsa uci popanda kusenda makungwa a mitengo. Kutentha thengo msanga, m'miyezi ya Meyi ndi Juni pamene udzu ukali ndi cinyezi, kucepetsa ukali wa moto wa m'cirimwe. Mfumu ya mudzi ikanena kuti pa phiri lakuti nkhwangwa isakwere, anthu amamva kuposa kumva kalata yocokera ku boma.

Mseu wa Kum'mawa ndi wathu tonse: alimi, amalonda, oyendetsa ndi ana a sukulu. Pa ulendo wotsatira, awerengi athu ayese kukhala pafupi ndi zenera ndi kukhala maso kuyambira pa Rufunsa kufika pa Kacholola. Aonetse ana mlambe woyamba, awauze dzina la mtsinje ndi la mfumu ya dziko limene apitamo, ndipo akafika kwao akakambe ndi a mfumu za phiri la kuseri kwa mudzi wao.